Nyemba za Amama Siziyenda Zokha

Ndinabwera ku Rumphi ndili mnyamata, boma litanditumiza kudzagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Kwathu ndi ku Dowa. Maganizo anga anali oti ndikhale zaka zochepa, kenako ndipemphe kubwerera kufupi ndi kwathu. Koma ndinapeza mkazi kuno ku Nchenachena, apongozi anatilozera malo m'mbali mwa phiri, tinamanga nyumba, ndipo lero imvi zadzaza mutu ndidakali pomwepo. Chitumbuka ndimachimva chonse, koma ndikachiyankhula ana a kutchalitchi amagwirabe pakamwa kubisa kuseka.

Mulungu anatipatsa ana atatu. Wachisamba ndi mwamuna, amagwira ntchito ya mu ofesi ku Lilongwe ndipo ali ndi banja lake. Wachiwiri ndi mkazi, namwino ku Zomba. Mzime ndi mwamuna, anapita ku Joni kukayala matailosi m'nyumba za anthu. Tinawaphunzitsa kuti adzapite patsogolo, ndipo anapitadi, kutali. Palibe amene ndingamudandaulire pa zimenezo.

Mkazi wanga anali ndi munda wa nyemba kumunsi kwa nyumba, pamene pamadutsa ngalande ya madzi ochokera kuphiri. Nyembazo ndi zofiira za mawanga, mbewu imene anapatsidwa ndi mayi ake titangokwatirana. Zikapsa zimachita msuzi wokhuthala, ndipo ana athu anakula akukhulupirira kuti nyemba zina zonse ndi zongoyerekeza. Akapuntha ndi kuyanika, ankazisakaniza ndi phulusa la kukhitchini kuti anankafumbwe asalowe, n'kuthira m'matumba atatu, mwana aliyense lake. Ine ndinkazungulira midzi pa njinga kuphunzitsa anthu kuthira mankhwala osungira mbewu, koma m'nyumba mwanga munkalamulira phulusa. Ndinayesa kunenapo kamodzi. Anandiyankha kuti, "Abambo, ulangizi wanuwo muziusiya pa njinga." Sindinabwerezenso.

Lamulo lake linali limodzi: matumbawo sankakwera basi okha. Ankanena m'Chitumbuka chake kuti nchunga zake zilije malundi, kutanthauza kuti nyemba zakezo zilibe miyendo. Wozifuna abwere adzatenge yekha. Ndikukumbuka tsiku lina titaima pa chulu cha kuseri kwa nyumba, pamene foni imagwira bwino, wachisamba akuchonderera:

"Amama, chaka chino ntchito yachuluka. Bwanji mungomupatsa kondakitala thumba langa, ine ndikalandire kudepoti?"

"Kondakitalayo ndinamubereka ine?"

"Ayi, koma anthu onse amatero."

"Ndiye ukadye nyemba za anthu onsewo. Zanga siziyenda zokha."

Ogasiti akafika, sukulu zitatseka, ankabweradi. Ankafika atatuwa ndi fumbi, akudandaula za msewu wa kuno umene umagwedeza munthu mpaka mano. Matiresi onse ankatuluka, zidzukulu zinkagona pabalaza mopingasana, ndipo m'mawa zinkakana kusamba chifukwa cha kuzizira kwa kumapiri kuno. Ndinene zoona: masiku amenewo ankanditopetsa. Ndine munthu wokonda bata. Ndinkatenga khasu n'kupita kukakonza ngalande imene inalibe vuto lililonse, kuti makutu apumeko. Mkazi wanga ankadziwa, ndipo ankatumiza tiyi komweko.

Tsiku limodzi la tchuthi chilichonse linali la ku Mlowe. Tinkapangana ndi mwini lole wina wa m'dera lino, n'kunyamuka mbandakucha, kutsika mapiri a Chiweta makutu akutsekeka, ana akukuwa pa kona iliyonse. Kunyanjako zidzukulu zinkalowa m'madzi ndi zovala zomwe. Ine ndinkakhala pansi pa mtengo kulondera nsapato za banja lonse. Mkazi wanga ankayenda pakati pa mathandala oyanikira usipa, akutola kamodzi, kununkhiza, kukana, kupita patsogolo, mpaka atapeza womukomera. Dzuwa likangopendeka ankatikusa ngati mbuzi, chifukwa sankafuna kuti mdima utipeze pa chitunda. Chaka china tinakwera ku Khondowe m'malo mwa ku Mlowe, kuti zidzukulu zikaone tchalitchi chachikulu cha amishoni, koma zinafika zitasanza njira yonse, ndipo tinagwirizana kuti kamodziko kakwana.

Koma ntchito yeniyeni ya tchuthi inkachitika kumapeto. Nyemba za phulusa munthu sunganyamule choncho kupita nazo m'tauni. Zimafunika kupeta ndi kusankha. Ndiye kutatsala pang'ono kuti anyamuke, mkazi wanga ankayala mphasa pakhonde, kukhuthula matumba, ndipo aliyense ankakhala pansi ndi lichero kapena mbale, wamwamuna ndi wamkazi yemwe. Ntchitoyi ndi yochedwa. Manja amagwira, maso amayang'ana pansi, ndipo pakamwa pamamasuka pokha. Pa mphasa imeneyo m'pamene mwana wathu wamkazi anatiuza kuti pali mnyamata amene akufuna kutumiza ankhoswe. Pomwepo mzime ananena, maso ali pa nyemba, kuti wasiya kufunafuna ntchito kuno, akupita ku Joni. Mayi ake sanakweze mutu. Anangoti, "Chotsa kamwala ako apo," ndipo anadzalira anthu atapita. Nthawi imeneyo sindinkaona kuti phulusa lija linali ndi ntchito ziwiri.

Mkazi wanga anamwalira nthawi ya mvula, atadwala kanthawi kochepa. Ana onse anabwera, ngakhale wa ku Joni, amene anafika titaika kale. Abale anga a ku Dowa anandifunsa ngati tsopano ndibwerera kwathu, monga amachitira mwamuna kwathuko mkazi akamwalira. Ndinawauza kuti ndamva. Koma manda ali kuno, mpingo umene ndimatumikira ngati mkulu uli kuno, ndipo nyemba zinali zitamera kale m'munda.

Ndinazisamalira mothandizidwa ndi mlamu wanga, mng'ono wake wa malemu, mphunzitsi wopuma amene amakhala kutsidya kwa ngalande. Zinabereka bwino. Julaye atafika, mafoni anayamba. Wachisamba anati mafuta a galimoto akusowa, anthu akugona pa mizere. Namwino anati kuchipatala kwawo anthu achepa, tchuthi amukaniza. Mzime anati akatuluka m'dziko muja, kubwereranso kudzavuta. Zonsezi zinali zoona, ndinkazimva ndekha pa wailesi. Komanso anali atangobwera kumene ku maliro. Ndinawamvera chisoni. Ndinati mumtima, anawa ataya mayi, atayenso ndi nyemba zomwe?

Choncho ndinachita monga ndinkaphunzitsira anthu. Ndinathira mankhwala oyenera, ndinasankha nyembazo ndekha mpaka zinayera ngati za m'sitolo, ndinasoka matumba, ndinalemba mayina. Ndinapita nawo pa minibasi mpaka ku Mzuzu, n'kuwakweza basi yaikulu, lina la ku Lilongwe, lina la ku Zomba. La mzime ndinapatsa munthu wina wa kuno amene amanyamula katundu wa ku Joni. Onse anathokoza kwambiri. "Yewo chomene, adada." Pa gulu lathu la banja la pafoni panabwera zithunzi za mbale za nyemba, zidzukulu zitakweza masupuni. Ndinaima pa chulu paja ndikuziyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinakondwera. Sindingakane, ndinakondwera.

Chaka chotsatira funso linasintha. Kale ankafunsa mayi awo kuti, "Tibwere liti?" Tsopano ankandifunsa ine kuti, "Adada, mutumiza liti?" Ndinatumiza. Chaka chinanso ndinatumiza.

Moyo wathu unakhazikika choncho. Lamlungu ndikaweruka kutchalitchi ndimakwera pa chulu n'kuyembekeza. Namwino ndiye amaimba kawirikawiri, ndipo amandifunsa ngati ndikumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ngati ndikudya, ngati ndasiya kukwera padenga. Mzime amatumiza mawu ojambula, kumbuyo kukumveka makina odulira matailosi. Wachisamba amaimba mwachidule, ndipo mawu ake oyamba amakhala akuti, "Pali vuto, adada?" ngakhale woimba ndi iyeyo. Sanandinyanyale. Denga litayamba kudontha anatumiza malata. Nditadwala chifuwa, namwino anandiyankhula tsiku lililonse mpaka ndinachira. Koma zidzukulu ndinkaziona zikukula pa galasi la foni, ndipo matiresi aja anakhala chiimikire m'chipinda cha kumapeto mpaka anayamba kununkha nkhungu. Ku Mlowe sindinapitenso. Munthu mmodzi sapangana ndi mwini lole.

Chaka chino tikupuntha nyemba, mlamu wanga anaponya ndodo pansi n'kukhala pa mtondo.

"Alamu, ndikufunseni. Kodi ku Lilongwe nyemba kulibe?"

"Ziliko."

"Ku Zomba?"

"Ziliko zambiri."

"Ndiye mukuganiza kuti akulu anga ankaumira matumba chifukwa cha nkhanza? Inu mwasanduka kampani yotumiza katundu. Tingokupenterani chikwangwani pakhomopa."

"Anawo ali ndi zifukwa zawo, alamu. Sanama."

"Yayi, sanama. Nanga nthawi ya akulu anga zifukwa kunalibe? Mafuta ankatuluka pa mpope wa pakhomo? Anthu a ku Dowa inu mtima wanu ndi wofewa ngati dzungu lophika. Mwana akangoti adada, mwagwa kale."

"Dzungu lophikalo akulu anu anakhala nalo zaka zonsezi osadandaula."

"Ankadandaulira ine," anatero, ndipo tonse tinaseka, koma kuseka kwake sikunatalike.

Tinatolanso ndodo n'kupitiriza kupuntha. Ine zinthu zimandilowa mochedwa. Ndinazipempherera masiku angapo, osati kuti Mulungu awasinthe ana anga, koma kuti andionetse ngati ndikufuna zabwino zawo kapena ndikungoopa kukhala ndekha. Yankho lomveka sindinalilandire. Chimene ndinadziwa n'chakuti msinkhu wanga wapita, ndipo ngati Ogasiti wina ndi wina azingodutsa chonchi, tsiku lodzakumananso tonse pakhomo pano lidzakhala la maliro anga. Zimenezo sindinkazifuna.

Ndinatenga phulusa. Ndinasakaniza monga ankachitira malemu, ndinathira m'matumba atatu, n'kuwaika pakona pabalaza. Lamlungu ndinakwera pa chulu n'kuwauza mmodzimmodzi. Mawu anga analibe mphamvu ngati a mayi awo. Ndinati, "Chaka chino ndaganiza kuti mwina ndisatumize. Ngati kungatheke, mubwere mudzatenge." Namwino anaseka, n'kuti, "Adada, mwayamba kuyankhula ngati amama," kenako anati ayesetsa. Mzime anati, "Langalo mundidyereko, adada," ndipo mawu ake anali otsika. Wachisamba anati, "Tiona, adada."

Ndinatulutsa matiresi kuwayanika padzuwa. Ndinagula sopo ndi shuga. Ndinakambirana ndi mwana wa mwini lole uja, poti bambo ake nawonso anatisiya, ndipo anati galimoto ilipo, ndingonena tsiku. Sukulu zinatseka. Galimoto iliyonse ikamveka ikubuula pa chitunda ndinkasiya chimene ndikuchita n'kumvetsera mpaka itapitirira. Pakati pa mwezi namwino anaimba akupepesa kuti mnzake wa kuntchito wapita kukachira, ndiye sangachoke. Ndinamuuza kuti odwala ndi ofunika, ndipo ndinanena mochokera pansi pa mtima. Matiresi ndinawabwezera m'chipinda kupatula awiri.

Mwezi uli pafupi kutha, m'mawa wina, galimoto inakhota n'kulowa njira ya pakhomo. Ndinali kukhitchini. Ndinasamba m'manja mofulumira, ndinavala jekete, n'kutuluka. Inali galimoto yoyera ya kuntchito kwa wachisamba, koma munatuluka munthu mmodzi yekha, bambo wachikulire wovala bwino, amene sindinamuonepo. Anavula chipewa n'kupereka moni wa ulemu m'Chichewa cha ku Ntcheu. Anati ndi dalaivala, akuchokera ku Karonga kumene anakasiya anthu a ntchito, ndipo bwana wake, mwana wangayo, amupempha kuti pobwerera adzere kuno atengeko thumba la nyemba.

Ndinamulowetsa, ndinamupatsa tiyi ndi nthochi zowiritsa. Mlamu wanga anali ataona galimoto, ndipo anafika akupuma mofulumira, chitenje chili m'manja, kuganiza kuti ana abwera. Atamva nkhani anandikokera pakhonde.

"Musapereke."

"Bamboyu walakwa chiyani? Wasiya msewu wabwino kukwera kuno."

"Sindikunena za bamboyu. Mukapereka lero, basi kwatha. Chaka chamawa adzatuma njinga yamoto."

Ndinaima pakhonde paja nthawi ndithu. Kumubweza chimanjamanja munthu wotumidwa, kuti akanene kwa bwana wake kuti bambo anu akana, kukanakhala kumuchititsa manyazi mwana wanga pamaso pa wantchito mnzake. Zimenezo sindikanatha. Kupereka thumba n'kuimirira pakhomo kukweza dzanja galimoto ikutsika, zimenezonso mtima unakana. Ndinali nditatopa ndi kukweza dzanja.

Ndinalowa m'nyumba n'kumuuza dalaivala kuti akweze thumba, koma andidikire pang'ono. Ndinaika malaya awiri, mankhwala anga ndi Baibulo m'chikwama. Potuluka ndinaona lichero la malemu lili pakhoma pamene limakhala, ndipo ndinalitenga.

"Mukupita kuti, alamu?"

"Nyembazi siziyenda zokha."

"Si zimene ankatanthauza akulu anga zimenezo!"

"Ndikudziwa. Koma ine ndi zimene ndingathe. Mundionereko nkhuku."

Anandiyang'ana, anapukusa mutu, kenako analanda makiyi m'manja mwanga. "Mwatenga juzi? Mukafika ku Chikangawa mudzandikumbuka."

Ndinamukumbukadi. Ulendo wa ku Lilongwe ndi wautali kwa munthu wa msinkhu wanga. Msana unayamba kuwawa tisanafike ku Mzuzu, ndipo miyendo inatupa. Dalaivala anali munthu wabwino, ankaima ndikamupempha osaonetsa kunyinyirika. Anafuna kuimbira bwana wake kuti ndikubwera, koma ndinamupempha kuti asatero. Sindinkafuna kumukola mwana wanga. Ndinkangoopa kuti anena kuti ndisavutike, ndipo ine ndikanamvera.

Tinafika madzulo kusanade. Geti litatseguka, wachisamba anatuluka akuyankhula pafoni. Atandiona anaitsitsa pang'onopang'ono.

"Adada? Pali vuto?"

"Palibe. Ndabweretsa nyemba."

Anayang'ana thumba, anayang'ana ine, anayang'ana lichero limene ndinali nditakolekera kukhwapa, ndipo nkhope yake inachita zinthu zingapo nthawi imodzi. Kenako anandilandira chikwama. Mpongozi wanga anagwada kundipatsa moni, zidzukulu zinabwera mwamanyazi. Mdzukulu wamkulu, amene ndinamuona komaliza akundifika pachifuwa, tsopano mawu anali atayamba kukula.

M'mawa mpongozi anamasula thumba kukhitchini, fumbi loyera linafuka.

"Ii, adada, phulusa?"

"Phulusa, amayi."

"Musadandaule, mtsikana wantchito azipeta masana ano."

"Ayi, zimenezi azisiye. Timapeta tokha, eni ake. Ndidikira bambo a nyumba ino akapeza mpata."

Mpata sunapezeke msanga. Mwana wanga amanyamuka kusanache bwino kuthawa mzere wa magalimoto, ndipo amabwera atatheratu, tayi ili m'thumba. Ndinaona ndi maso anga kuti kutanganidwa kwake si bodza. Masana onse ndinkakhala ndekha mkati mwa mpanda wa njerwa, ndikusuntha mpando kutsatira dzuwa. Panalibe ngalande yokonza. Zidzukulu zinkandiyankhula mwaulemu m'Chingerezi chothamanga, kenako n'kubwerera kuzipinda kwawo. Anandisamala bwino m'njira iliyonse, madzi otentha, zakudya, bulangete lofewa. Koma ndinatopa kuposa mmene ndimatopera ndikalima. Loweruka ndinkayembekeza kuti tikhala, koma kunali maliro a wachibale wa mnzake wa kuntchito. Thumba linakhalabe pakona ya khitchini, ndipo aliyense ankalilambalala.

Lamlungu titabwera kutchalitchi ndi kudya, ndinapempha mkeka. Ndinauyala kuseri kwa nyumba pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, ndinakhuthula nyemba zina, n'kuyamba kupeta ndekha. Sindinaitane munthu. Manja anga sadziwa bwino lichero, nyemba zina zinkadumphira pa simenti. Patapita kanthawi ndinamva chitseko. Wachisamba anaima pambali panga ndi buluku lake la kutchalitchi.

"Mukutaya nyemba, adada."

"Ndiye bwera undionetse, poti iwe unaphunzira kwa mwini wake."

Anakhala pansi movutikira, chifukwa mimba yakula. Anatenga lichero. Poyamba manja anali olimba, kenako anakumbukira, ndipo phulusa linayamba kuuluka bwino, likumutera pa buluku ndi m'tsitsi. Iye ankapeta, ine ndinkasankha timiyala ndi nyemba zofota. Foni yake inalira m'thumba kawiri, sanaiyankhe chifukwa manja anali otuwa. Ndinali nditatsimikiza kuti sindimufunsa kanthu.

Anayamba yekha, maso ali pa lichero.

"Lichero ili ndi la amama."

"Ndi lomwelo."

"Apa anasoka ndi ulusi wa thumba la feteleza. Ndinaling'amba ndine, ndikukolera njiwa."

"Anandiuza kuti linadyedwa ndi makoswe."

Anaseka pang'ono. Anapetanso kangapo, kenako anaika lichero pa maondo.

"Adada, chaka chatha ndinafika pa Mzuzu ndi ntchito. Ndinali ndi galimoto, ndinali ndi tsiku lonse. Ndinayendetsa mpaka pamphambano yokhotera kwathu. Ndinaima pamenepo, kenako ndinatembenuka."

Anapukuta phulusa pa buluku n'kupitiriza.

"Nyumba ija sindingathe kulowamo, adada. Ndikaganiza zofika pakhomo, amama osatuluka kukhitchini akundikalipira kuti ndaonda kapena ndanenepa, ndimalephera kupitirira. Pa maliro paja panali anthu ambiri, sindinaione bwino nyumbayo. Ndikuopa kuiona ili chete."

Mlamu wanga ankati ndi ulesi wa anthu a m'tauni. Ine ndinkati ndi ntchito. Tonse tinali titaphonya, ndipo ndinathokoza Mulungu mumtima kuti sindinamulankhulepo mawu owawa mwanayu. Koma pamodzi ndi kuthokozako munabwera kanthu kena kolemera, kamene sindinkadziwa kuti ndakhala ndikukasenza. Ndinatola kamwala, ndinakaponya kumbali, ndipo ndinanena mawu amene sindinawakonzekere.

"Ine ndimalowamo tsiku lililonse."

Anatembenuka kundiyang'ana, koyamba chikhalireni pansi. Maso ake anali ofiira, mwina ndi phulusa. Kenako anatenga lichero, anatapa nyemba zina, n'kupitiriza kupeta. Ine ndinapitiriza kusankha. Mpongozi anasuzumira pazenera, anationa, ndipo anabwerera osatiitana. Tinamaliza thumba lonse dzuwa lisanalowe.

Sanalonjeze kuti abwera, ndipo ine sindinamupemphe lonjezo. Pondiperekeza kudepoti anandinyamulira chikwama mpaka m'basi, anandipezera mpando wa pazenera, anaika lichero pamwamba mosamala kuti lisaphwanyike ndi katundu wa anthu. Atatsika anabwera pazenera n'kufunsa kuti, "Mlatho wa matabwa uja wa pafupi ndi kwathu anaukonza?" Ndinamuuza kuti anaukonza, galimoto yaing'ono imadutsa bwinobwino. Anagwedeza mutu. Basi inanyamuka.

Ndinafika kuno thupi lonse likuphwanya, ndipo ndinagona masiku angapo. Mlamu wanga anabwera ndi phala, akulongolola kuti nkhuku zanga ndi zopanda mwambo ngati mwini wake.

"Ndiye abwera liti bwana wanuyo?"

"Sananene."

"Ndinakuuzani."

"Anafunsa za mlatho."

"Mlatho," anatero, akuika mbale patebulo mwamphamvu. Koma potuluka anaima pakhomo la chipinda cha kumapeto n'kunena kuti matiresi awiri aja ndisawaimike msanga, nkhungu ingawalowenso.

Zimene anandiuza mwana wanga sindinamufotokozere mlamu. Zonenedwa pa mphasa ya nyemba zinkathera pomwepo kuyambira kale.

Mpaka lero sindikudziwa ngati ndinalakwa potumiza matumba zaka zija. Ana anadya nyemba za mayi awo pa nthawi imene ankazifuna kwambiri. Mwina akanapanda kuzilandira akanabwera, mwinanso sakanabwera, ndipo tikanataya zonse ziwiri. Mkazi wanga ankadziwa kuitana. Ine sindinaphunzire, ndipo pa msinkhu uno ndikukayika ngati ndingaphunzire.

Pakona pabalaza patsala matumba awiri. La mzime ndalimasula, ndapatulako mbewu ya chaka chamawa, zotsalazo ndikudya pang'onopang'ono monga anandipempha, chifukwa ku Joni miyendo yanga singafike. La namwino lidakali chisokere. Ku Zomba ndi kutali kuposa ku Lilongwe, ndipo msana sunaiwale ulendo woyamba uja. Iye akamva kuti ndikuganiza zokwera basi adzandikalipira ngati wodwala wosamva. Ndafunsa kale kwa anyamata a minibasi za basi yochokera ku Mzuzu yolowera kumeneko, ndipo akuti ilipo ya m'mawa. Tsiku sindinasankhe. Lichero sindinalibwezere pakhoma, ndaliika pamwamba pa thumbalo.